Msewu wa ku Kalomwe ndi lamulo lacisanu



Tikamaphunzitsa ana lamulo lacisanu la Mulungu, loletsa kupha, timachula nkhwangwa, mpeni, mankhwala akupha ndi mkwiyo wosunga mumtima. Ana amavomera msanga, pakuti palibe mwa iwo amene anaganizapo zocotsa moyo wa munthu. Akulu nawonso amalimva lamulo limeneli ndi mtima wokhazikika, ndipo pokonzekera sakramenti la kulapa amalidumpha ngati munthu wodumpha ngalande youma. Ine ndafika pokhulupirira kuti kuno kwathu lamulo lacisanu limasweka kawirikawiri pa msewu wa phula, ndiponso kuti mlandu wake umafika ngakhale kwa ife amene sitinagwirepo ciwongolero ca galimoto.

Ndiyambe ndi mlandu wanga. Zaka zingapo zapitazo, tsiku Loweruka m'nyengo yozizira, ndinacedwa kumasula ana a kalasi la Ukaristia woyamba, cifukwa ndinkafuna kuti amalize kuloweza mapemphero awo. Dzuwa linali litapendeka kale, ndipo nkhungu inali itayamba kutsika m'mapiri. Ana ena kwawo kunali tsidya lina la msewu. Mtsikana mmodzi wa zaka zisanu ndi zinayi anawoloka kumbuyo kwa lole imene inaima m'mbali, osaona galimoto imene inkabwera kucokera mbali ina. Tinamuika m'manda Lolemba. Pa maliro ndinapatsidwa mpata woyankhula, ndipo ndinanena mawu amene tonse timanena: kuti inali nthawi yake, kuti tsoka silinunkha. Amayi ake anandithokoza. Koma pobwerera kunyumba ndinadutsa pamalo pomwepo, ndipo ndinapeza lole ina itaima pamene panaima ija, ana ena akuwoloka kumbuyo kwake monga anawolokera mnzawoyo. Tsoka limenelo linkanunkha ndithu. Tonse tinkalimva fungo lake tsiku ndi tsiku, koma tinali titalizolowera.

Kuyambira pamenepo ana anga amaweruka dzuwa likali pamwamba, ndipo a tsidya lina amawoloka pamodzi, mkulu ali patsogolo. Zimenezi n'zocepa. Katekista mmodzi angathe kusintha nthawi ya phunziro lake, koma msewu sangausinthe yekha.

Msewu umene tili nawo

Msewu wathu, N304, umapatuka pa N7 ku Mussacama, n'kukwera mapiri kudzera ku Ulongwe mpaka kudzafika pa cipata ca malire pano pa Kalomwe, pamene tsidya lake ndi Dedza. Umanyamula katundu wocokera ku doko la Beira, ku Zimbabwe ndi ku Joni, wopita ku Lilongwe: mafuta, feteleza, simenti ndi zina zambiri. Umatsitsanso mbatata yathu, cimanga, nyemba, soya ndi fodya kupita ku Moatize, ku Tete ndi kupitirira. Palibe munthu wanzeru amene angautemberere msewu umenewu. Ife amene tinathawa nkhondo tili ana, n'kudzabwerera pambuyo pa mtendere wa pa 4 Outubro 1992, timakumbukira mmene dziko limakhalira msewu ukafa: mcere unkasowa, ndipo wodwala ankanyamulidwa pa macila.

Komabe tiyang'ane bwino mmene msewuwo unamangidwira. Amisiri anayeza kulemera kwa lole ndi kukula kwa matayala ake. Sanayeze mwendo wa mwana wa sukulu, kapena mayi wosenza dengu la matimati ali ndi mwana kumbuyo, kapena mkulu wokankha njinga yodzaza makala. Phula likatha m'mbali, pamayamba ngalande kapena dothi logumuka, conco woyenda pansi amakakamizika kugawana njira ndi galimoto. Pafupi ndi malire malole amandanda podikira mapepala, ndipo amatseka maso a aliyense wofuna kuwoloka. Pa tsiku la msika anthu, mbuzi, ngolo, akabaza ndi njinga zamoto zimasakanikirana pa phula limodzi. Maboma awiri ayesetsa kuti katundu azidutsa pa malire mofulumira, ndipo zimenezo n'zabwino. Funso langa ndi lakuti: ndani akuyesetsa kuti mwana wa pa Kalomwe aziwoloka msewu n'kufika kwawo wamoyo? Mwa anthu khumi amene mwakumana nawo lero pa msewu, ndi angati anali m'galimoto yawoyawo? Oculuka amayenda pansi kapena pa njinga, ndipo ndi iwo amene anaiwalika.

Kodi inalidi nthawi yake?

Mawu akuti inali nthawi yake amatonthoza mtima wa wofedwa, ndipo sindinyoza aliyense amene anawanena ali m'misozi. Koma tikawasandutsa ciphunzitso, timanamizira Mulungu. Timamuika pa malo a munthu amene anamwa kacasu asanakwere njinga yamoto, kapena pa malo a ofesi imene sinaike cikwangwani pa sukulu. Ena amapita patsogolo n'kunena kuti pamalo pakutipakuti pali mizimu yofuna magazi, kapena kuti wamalonda wina anakhwimira msewu. Pamenepo banja limawononga ndalama kwa sing'anga, agogo osalakwa amalozedwa cala, ndipo khona loopsalo limatsala monga linalili, likudikira wina.

Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, limene kuno timalidziwa ndi dzina la OMS, linalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1,19 miliyoni amafa pa ngozi za pa msewu caka ciliconse. Linanenanso kuti kwa ana ndi acinyamata a zaka 5 mpaka 29 palibe cina cimene cimapha ambiri kuposa ngozi zimenezi, ndiponso kuti oposa theka la akufawo ndi oyenda pansi, okwera njinga ndi okwera njinga zamoto. Tikayerekeza ndi kuculuka kwa anthu, Afrika ndiyo imataya ambiri koposa, ngakhale kuti magalimoto ake ndi ocepa poyerekeza ndi a ku Ulaya. Kodi Mulungu amakonda ana a ku Lisboa kuposa ana a ku Angonia, kuti nthawi ya athu izikwana msanga? Iai. Kumeneko anthu anakonza misewu yawo ndi malamulo awo, ndipo imfa zinacepa.

Nkhani yaikulu ndi liwiro, ndipo masamu ake ngakhale mwana wa kalasi lacisanu angawamve. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, nthawi imene woyendetsa amafunika kuti aone mwana ndi kusuntha phazi lake. Yothamanga makilomita 30 pa ola imadutsa mamita 8 okha. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene galimoto imafuna kuti iime pambuyo poponda mabuleki umawirikiza kanayi. Lole yodzaza simenti imafuna mtunda wautali koposa. Munthu wogundidwa pa liwiro la 30 kawirikawiri amapulumuka. Wogundidwa pa 60 kapena kupitirira kawirikawiri sadzuka. N'cifukwa cake nduna za maiko ambiri zitakumana ku Stockholm mu Fevereiro 2020 zinagwirizana kuti pamalo pamene anthu oyenda pansi amasakanikirana ndi magalimoto liwiro lisamapitirire 30, ndipo bungwe la Maiko Ogwirizana linaika colinga cakuti pakati pa 2021 ndi 2030 imfa za pa msewu zicepe ndi theka. Lamulo lathu la pa msewu, Decreto-Lei 1/2011, limalola makilomita 60 pa ola m'malo okhala anthu. Kutsogolo kwa sukulu, kwa chalichi ndi kwa msika, 60 yemweyo ndi wambiri.

Zimene Eklezia amaphunzitsa

Wina angaganize kuti Buku Loyera silidziwa za misewu. Tsegulani Deuteronomo mutu 22, ndime 8. Kumeneko Aisraele akulamulidwa kuti womanga nyumba yatsopano amange kampanda kuzungulira denga lake lathyathyathya, cifukwa munthu akagwa kucokera pamenepo, mlandu wa magazi udzakhala pa nyumbayo. Mwini nyumba sanakankhe munthu. Kulakwa kwake n'kwakuti anadziwa kuti denga ndi lalitali, n'kulisiya lopanda cochinga. Msewu wodutsa pakati pa msika wopanda njira ya oyenda pansi ndi denga lotero.

Ife oweta ng'ombe tingamvetse bwino Eksodo mutu 21. Ng'ombe ikagunda munthu koyamba, mwini wake alibe mlandu wa imfayo. Koma ngati inkadziwika kuti imagunda, mwini wake n'kucenjezedwa koma osaimanga, mlandu umagwera iye. Pamenepa pali phunziro lowirikiza. Amene ali ndi udindo pa msewu, akadziwitsidwa za malo oopsa n'kusacitapo kanthu, ali ndi mlandu. Koma kuti zifike pamenepo payenera kukhala wowacenjeza. Ngati ife tikudziwa khona limene lapha anthu atatu, ndipo sitinakauze aliyense mwa njira yoyenera, gawo la mlanduwo tikuligwira ndife.

Katekisimu wa Eklezia Katolika amanena zomwezo. Pa nambala 2269 amaletsa kuika munthu pa ngozi ya imfa popanda cifukwa cacikulu, ndiponso kukana kuthandiza amene ali pa ngozi. Pa nambala 2290 amaphunzitsa kuti amene amaika moyo wake ndi wa ena pa ciswe pa msewu cifukwa ca kuledzera kapena kukonda liwiro amacimwa kwambiri. Mu 2007 Vatikano inatulutsa malangizo a ubusa wa pa msewu, pansi pa Kardinali Renato Martino, ndipo pa malamulo khumi amene inapereka kwa oyendetsa galimoto, loyamba linali loletsa kupha. Papa Francisco, m'kalata yake Laudato si' ya mu 2015, pa nambala 153, anakumbutsa kuti mayendedwe a anthu onse pamodzi ayenera kuikidwa patsogolo, ndipo anadandaula kuti m'malo ambiri anthu amanyamulidwa mopanikizana, mosalemekezeka ndi mopanda citetezo. Iye ankalemba za mizinda, koma aliyense amene anakwerapo pamwamba pa matumba a mbatata kumbuyo kwa lole akudziwa kuti mawuwo amafika mpaka kuno.

Nkhani ya Msamariya wacifundo, mu Luka mutu 10, inacitikanso pa msewu, wotsika kucokera ku Yerusalemu kupita ku Yeriko. Timaiphunzitsa ngati nkhani yotola wovulala, ndipo ndi momwemo. Koma tiyerekeze kuti Msamariyayo amadutsa njira imeneyo sabata iliyonse, ndipo sabata iliyonse amapeza wina atagona pamalo omwewo. Cikondi comwe cinamutsitsa pa bulu cikanamutuma kukafunsa akulu a dzikolo kuti pamalowo pacitike ciyani.

Tiyambe ndi zathu

Tisanaloze boma, tidziyang'ane tokha, pakuti pempho la munthu wosasamala silimveka kutali.

Timayanika cimanga ndi nyemba pa phula. Timaika mabenchi a malonda pa malo amene woyenda pansi akanadutsa, n'kumukankhira pakati pa msewu. Ngolo zathu zimayenda usiku popanda nyali kapena kanthu konyezimira kumbuyo. Timatuma mwana wa zaka zisanu kukagula mcere tsidya lina. Timayenda titafulatira magalimoto, pamene m'dziko lathu, mmene galimoto imayenda kumanzere, woyenda pansi ayenera kuyenda kumanja kuti aziona cimene cikubwera. Timagulira mnyamata njinga yamoto ndi ndalama za fodya, koma cisoti timaciona ngati cowonongetsa ndalama, ndipo timakondwa akanyamula anthu atatu ndi thumba la feteleza. M'chapa timakhala cete woyendetsa akamayankhula pa foni, kapenanso timamunyoza kuti akuyenda ngati nkhono. Pa ukwati ndi pa ubatizo timamwetsa mlendo amene tikudziwa kuti abwerera pa njinga yamoto. Zonsezi ndi nkhani za kulapa, ndipo ndikupempha makolo kuti aziziika pa kufufuza mtima kwa madzulo.

Pali cinanso colemera kwambiri. Galimoto ikagunda munthu, khamu limathamangira woyendetsa ndi miyala ndi zibonga, nthawi zina ndi moto. Mkwiyowo ndimaumvetsa, pakuti inenso ndinaumva m'cifuwa mwanga tsiku lija. Koma taonani zipatso zake. Oyendetsa onse akudziwa zimene khamu limacita, conco akagunda munthu amathawa, ndipo galimoto imene ikanathamangitsa wovulala ku cipatala ca ku Ulongwe imazimiririka. Wovulalayo amatha magazi pa phula pamene ife tikuthamangitsa fumbi. Kupha woyendetsa ndi kupha ndithu, ndipo lamulo lacisanu limamuteteza iyenso. Mkhristu wopezeka pa ngozi ali ndi nchito zitatu: kusamala wovulala, kulemba nambala ya galimoto, ndi kuimirira pakati pa khamu ndi woyendetsa mpaka apolisi atafika.

Momwemonso, tisamange zitunda zathu za dothi ndi mitengo pa msewu usiku pambuyo pa maliro. Citunda copanda cikwangwani ndi utoto cimagwetsa wa njinga yamoto, amene mwina ndi mwana wa mudzi womwewo. Mkwiyo wathu tiupititse pa pepala.

Chapa, mlatho ndi njira za kumudzi

Ambiri a inu mumakhala kutali ndi phula, ndipo vuto lanu ndi lina: kufika kumene. Mvula ikayamba mu Novembro, misewu ya dothi imaterera, mitsinje imadzaza, ndipo midzi ina imatsekeka masiku angapo. Mwana amajomba ku sukulu cifukwa mtengo wowolokera wapita ndi madzi. Mayi woyembekezera amayamba ulendo pa ngolo usiku. Mlimi amagulitsa mbatata yake pa mtengo wolira kwa wogula mmodzi yekha amene lole yake inakwanitsa kufika. Wansembe amalephera kufika ku nthambi, ndipo akhristu amatha miyezi osalandira Ukaristia. Conco tikamanena za mayendedwe tikunena za sukulu, za uchembere, za mtengo wa mbewu ndi za masakramenti nthawi imodzi.

Chapa imanyamuka ikadzaza, ndipo kudzaza kwake kulibe malire. Kumene chapa sifika, anthu amaimirira kumbuyo kwa galimoto yosatseka atagwirana m'ciuno. Eni magalimoto si adani athu. Ambiri ndi akhristu anzathu, ndipo mafuta, matayala ndi misewu yokumbika zimawadyera phindu. Koma woyendetsa amene bwana wake amafuna ndalama yoikika madzulo alionse amakakamizika kuthamanga ndi kupakira mopitirira. Mkhristu mwini chapa adzifunse ngati ndalama imene amafuna kwa wanchito wake ingapezeke popanda kuswa lamulo. Ngati singapezeke, ndiye kuti liwirolo analilamula ndi iye, ngakhale ali khale pa khonde kunyumba.

Zina tingazicite ndi manja athu, monga makolo athu ankalambulira njira ya kumanda ndi ya kucitsime mfumu ikaitana. Kutsegula ngalande mvula isanayambe, kudula thengo limene latseka khona, kulambula kanjira ka ana kotalikirana ndi phula, kusonkha kuti mphakati ukhale ndi njinga yokokera wodwala: zimenezi sizifuna cilolezo ca ku Maputo. Mabanja alimbikitsenso amayi oyembekezera kupita msanga ku nyumba yodikirira ya pa cipatala, m'malo modalira galimoto ya pakati pa usiku.

Zimene tipemphe, ndi kumene tipite nazo

Zimene zikuposa mphamvu zathu tipemphe kwa amene ali ndi udindo, ndipo pempho likhale lomveka. Ine ndikuona zisanu. Coyamba, zitunda zomangidwa mwaluso, zimene pa Cipwitikizi timati lomba, zokhala ndi zikwangwani ndi utoto, pa sukulu, pa msika ndi pa cipatala, pamodzi ndi liwiro la 30 pamalo amenewo. Caciwiri, mizere yoyera yowolokera, yoikidwa pamene anthu amawolokeradi. Cacitatu, njira ya oyenda pansi ndi njinga m'mbali mwa phula, yolekanitsidwa ndi ngalande kapena timizati, kuyambira pamene nyumba zayambira mpaka pa malire. Cacinayi, malo oimikapo malole kutali ndi msika ndi nyumba. Tonse tikukumbukira za ku Caphiridzange, m'boma la Moatize, pa 17 Novembro 2016, pamene lole ya mafuta inaphulika n'kupha anthu oposa 70. Thanki ya petulo siyenera kugona pafupi ndi mbaula za okazinga cipisi. Cacisanu, malo odziwika okwererapo chapa, kunja kwa phula, okhala ndi denga ndi nyali.

Zinthu zotere zinayesedwa kale kwina. Ku Dar es Salaam, bungwe lochedwa Amend linayendera masukulu amene ana ake ankagundidwa kawirikawiri, n'kuikapo zitunda, mizere yowolokera, tinjira ta oyenda pansi ndi zikwangwani, ndipo pena linangosuntha cipata ca sukulu kuti cisayang'ane msewu waukulu. Kafukufuku anapeza kuti kuvulala kwa ana kunacepa ndi 26 pa 100 alionse, ndipo nchitoyo inalandira mphotho ya dziko lonse mu 2019. Mtengo wake unali waung'ono poyerekeza ndi kumanga msewu watsopano.

Nanga tipita kwa yani? Msewu wa N304 uli m'manja mwa ANE, Administração Nacional de Estradas, imene ili ndi ofesi ku Tete. Misewu ing'onoing'ono ya kumidzi imayang'aniridwa ndi boma la Angonia, kudzera mu ofesi ya mapulani ndi zomangamanga ku Ulongwe. Zilolezo za oyendetsa ndi za magalimoto ndi za INATRO, ndipo liwiro ndi kupakira mopitirira ndi nchito ya apolisi a pa msewu. Lamulo nambala 8/2003 ndi malangizo ake anatsegula njira ya makhonsolo a uphungu, conselhos consultivos, kuyambira ku localidade, ku posto mpaka ku boma, kuti zofuna za anthu zilowe m'mapulani a caka. Mafumu athu ndi atsogoleri a zipembedzo amakhala nawo m'menemo. Khomo lilipo, kawirikawiri timafikapo manja ali m'thumba.

Conco ndikupempha mphakati uliwonse ugule kope limodzi. M'kopemo mulembe ngozi iliyonse imene mukuikumbukira ndi iliyonse imene idzacitike: tsiku, nthawi, malo, mtundu wa galimoto, msinkhu wa wovulala ndi zimene zinamucitikira. Acinyamata aime pa sukulu m'mawa umodzi ndi pa msika tsiku limodzi, awerenge anthu owoloka ndi magalimoto odutsa pa ola. Makolo ayende ndi ana awo njira yonse ya ku sukulu, aone ndi maso awo pamene pali poopsa. Zikasonkhanitsidwa, komiti ya Cilungamo ndi Mtendere ya parokiya ilembe kalata imodzi ya Cipwitikizi, yosainidwa ndi mafumu, aphunzitsi, Bambo Mfumu, abusa a mipingo ina ndi atsogoleri a Asilamu, pakuti lole sifunsa ubatizo. Kalatayo iperekedwe ku localidade, ku boma ndi ku ANE, ndipo pepala limodzi lodindidwa cidindo libwerere kwa ife. Pakapita miyezi itatu tipitenso kukafunsa, mwaulemu, ndipo tidzapitenso. Mkulu wa ofesi angathe kuiwala misozi ya pa maliro, koma kope lokhala ndi masiku ndi malo amavutika kulikana. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa amene akukayika

Ena adzati Eklezia asalowe ndale. Pano palibe cipani cimene tikuyamikira kapena kunyoza. Katekisimu, pa manambala 1913 mpaka 1915, amatiphunzitsa kuti munthu aliyense, monga mwa malo ake, ayenera kutengako mbali pa zokomera onse. Kupempha njira ya ana ndi nchito ya nzika ndi ya mkhristu, ndipo wolamula wabwino amakondwa anthu akamuonetsa pamene denga likudontha.

Ena adzati zitunda zimacedwetsa malonda ndi kuwononga magalimoto. N'zoona kuti citunda comangidwa moipa cimathyola zitsulo, ndiponso cimavutitsa ambulansi. N'cifukwa cake tikupempha zomangidwa ndi amisiri, pamalo owerengeka. Koma lole yotsika liwiro kucoka pa 60 kufika pa 30 pa mtunda wa kilomita imodzi imataya mphindi imodzi yokha, pamene pa malire imadikira maola. Ndani mwa ife angayang'ane mayi wofedwa m'maso n'kumuuza kuti mphindi imeneyo inali yodula kuposa mwana wake?

Ena adzati boma lilibe ndalama, ndipo tidzangotopa. Mwina yankho lidzacedwa, ndipo mwina pa zisanu tidzalandira cimodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngakhale citunda cimodzi pa sukulu imodzi cidzapulumutsa mwana amene sitidzamudziwa dzina, cifukwa adzangofika kwawo, n'kudya nsima, n'kugona. Ndipo tikapempha n'kukanidwa, tidzakhala titacita gawo lathu la kucenjeza mwini ng'ombe.

Lamulungu lacitatu la mwezi wa Novembro ndi tsiku limene dziko lonse limakumbukira anthu amene anafa pa ngozi za pa msewu, ndipo limagwa m'mwezi umene ife timapempherera mizimu ya akufa. Ndikupempha kuti caka cino, m'nthambi iliyonse, banja lililonse limene linataya munthu pa msewu libwere ndi dzina lake lolembedwa, tiwachule pa mapemphero a akhristu. Oyendetsa machapa, malole, njinga zamoto ndi akabaza aitanidwe, adalitsidwe, ndipo amve mainawo. Mapemphero akatha, makope a miphakati aperekedwe kwa komiti. Ine ndidzabwera ndi dzina la mtsikana uja, amene akanakhala namwali wamkulu tsopano, ndipo tsamba loyamba la kope la mphakati wathu ndalemba kale.

Ambuye akusungeni pa kutuluka ndi pa kubwerera kwanu, ndipo Amayi Maria, amene anayenda ulendo wa m'mapiri kukaona Elizabeti, ayende ndi ana athu.